Mbozi za silika ndi alendo: mmene mungatsegulire malo ophunzirira ku Zomba

Aliyense amene anakwerapo msewu wa ku Chawe amawadziwa anyamata ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu, atanyamula timadengu ta masitiroberi ndi mabulosi. Mabulosi tili nawo paliponse, ku Matawale, ku Chinamwali, ku Domasi, m'mipanda ya anthu. Ana amathimbirira milomo ndi malaya mu Sepitembala ndi Okutobala, zipatso zikatha mtengowo timauiwala mpaka chaka chamawa. Masamba ake timangowasesa. Komatu masamba amenewa ndiwo chakudya chachikulu cha mbozi imene imapanga silika, nsalu yosalala ija imene anthu amalipira ndalama zambiri kuti aivale.

Ndinene poyambirira kuti ndi mbozi mazana ochepa simudzalemera pogulitsa ulusi. Pamafunika zikwa masauzande angapo kuti mupeze kilogalamu imodzi ya ulusi, ndipo pa mtengo simungapikisane ndi China ndi India, mayiko amene amapanga silika wochuluka kuposa ena onse. Chimene inu mungagulitse ndi mwayi woona. Mwana wa Sitandade 6 amalemba pamayeso kuti dzira limaswa mbozi, mbozi imalowa m'chikwa, m'chikwa mumatuluka gulugufe, koma sanazionepo zili pamodzi patebulo limodzi. Mlendo wochokera ku Blantyre kapena kunja amene wakwera phiri, waona damu la Mulunguzi ndi dzenje la Chingwe, amafuna china choti achite asanabwerere. Malangizo onse ali m'munsiwa achokera pa mfundo imodzi: mlendo ndi mame, ali nanu ola limodzi basi, ndipo m'ola limenelo ayenera kuona moyo wonse wa mbozi, kuchokera ku dzira kufika ku ulusi.

Yambani ndi mitengo, mbozi zidikire

Anthu ambiri amafulumira kufunafuna mazira. Musatero. Mbozi sizidziwa kudikira, zikaswa lero zikufuna tsamba lero, ndipo m'sabata yomaliza zimadya moti mtengo umodzi wa pakhomo umatha masiku ochepa. Dzalani mabulosi mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale, ndipo muwerengere miyezi 6 mpaka 8 musanathyole tsamba loyamba.

Mabulosi safuna mbewu, amamera ndi nthambi. Dulani nthambi zokhwima zonenepa ngati pensulo, zotalika masentimita 15 mpaka 20, iliyonse ikhale ndi maso atatu kapena anayi. Zikani m'nthaka yothira manyowa, diso limodzi lokha litsale kunja. Sankhani nthambi pa mtengo wa masamba aakulu, ofewa, osakhakhala kwambiri mukawasisita ndi chala. Mtengo umene ana amaukonda chifukwa cha zipatso zotsekemera si nthawi zonse umakhala ndi masamba abwino, choncho yang'anani tsamba osati chipatso.

Talikitsani masentimita 90 pakati pa mitengo ndi 90 pakati pa mizere. Mizere 12 ya mitengo 12 ikupatsani mitengo 144 pa malo a mamita pafupifupi 11 mbali zonse, ndipo poyambira imeneyi ndi yokwana. Masamu ake ndi awa. Mbozi imodzi imadya magalamu 20 mpaka 30 a masamba pa moyo wake wonse, ndiye gulu la mbozi 300 liwerengereni makilogalamu 10 pamodzi ndi zotayika. Ngati simuthirira, musayembekezere zoposa kilogalamu imodzi kapena iwiri pa mtengo pa chaka. Amene ali ndi dimba m'mbali mwa Likangala kapena Domasi, kapena madzi otsika kuphiri, adzathyola zambiri komanso adzakhala ndi masamba m'chilimwe pamene anzawo akusowa.

Musalole mitengoyi kutalika ngati ya pakhomo. Iduleni chofika m'chiuno kuti iphukire nthambi zambiri zimene mungafikire osakwera. Siyani iwiri kapena itatu pafupi ndi khomo ikule mpaka kubereka, kuti pakhale mthunzi wa alendo ndi zipatso za ana.

Pali chinthu chimodzi choti muganizire musanazike nthambi yoyamba, ndicho anansi a munda wanu. Ngati pafupi pali munda wa fodya kapena chigafa, sakani malo ena, chifukwa fodya ndi poizoni kwa mbozizi. Ngati mnansi amapopera chimanga chake mankhwala a ntchemberezandonda, kapena amapopera matimati, mphepo idzabweretsa mankhwalawo pa masamba anu. Kambiranani naye kuti azikuuzani tsiku lopopera, ndipo mzere wa m'malire musathyolemo.

Nyumba ya mbozi

Chipinda chimodzi chokhala ndi mawindo mbali ziwiri chikwana, koma ngati mungathe khalani ndi ziwiri, cholerera ndi choonetsera alendo. Chifukwa chake ndichifotokoza kutsogoloku.

Mbozi zimakula bwino pa madigiri 24 mpaka 28. Zing'onozing'ono zimafuna kofundirapo ndi chinyontho chambiri, zikuluzikulu zimafuna kozizirirapo ndi mpweya woyenda. Gulani chipangizo choyezera kutentha mupachike pafupi ndi mbozi, musamangoyeza ndi thupi lanu. Denga la malata lopanda siling'i mu Okutobala limasandutsa chipinda kukhala uvuni, ndiye yalani mphasa kapena udzu pansi pa malata, ndipo masana muzipachika masaka onyowa m'mawindo. Amene ali pamwamba pa phiri vuto lawo ndi kuzizira, ndipo nyengo yawo yoweta idzakhala yaifupi kuposa ya m'tauni.

Zoikamo mbozi musavutike kuitanitsa. Malichero a pamsika wa Zomba amagwira bwino ntchito, mungoyalamo pepala loyera. Akalipentala akukhomereni thandala la mashelefu anayi kapena asanu, lotalikirana ndi khoma, ndipo mwendo uliwonse uime m'chitini cha madzi kuti nyerere zisakwere. Linthumbu likalowa usiku umodzi, m'mawa mupeza malichero opanda kanthu. Makoswe, abuluzi ndi mavu nazonso zimadya mbozi, choncho tsekani ming'alu ndipo m'mawindo mukhomemo waya wa timabowo ting'onoting'ono.

Apa mumvetsetse bwino. Musatchinge mbozi ndi neti ya udzudzu yonyikidwa m'mankhwala, ngakhale yakale yochapa kangapo. Musayatse koyilo ya udzudzu, musapopere Doom, ndipo opopera mankhwala a udzudzu m'makoma akabwera m'dera lanu muwapemphe kuti nyumba ya mbozi aidumphe. Gulu langa loyamba linatha usiku umodzi chifukwa wachibale amene anagona chipinda choyandikana anayatsa koyilo. Sanalakwe, sindinamuuze. M'mawa ndinapeza mbozi zikuphiriphitha ndi kusanza madzi obiriwira, ndipo zinali zitatsala masiku anayi kuti ziyambe kuluka. Kuyambira pamenepo aliyense wa pakhomo, ngakhale mlonda, ndimamuuza tsiku loyamba.

Musanalowetse mbozi, tsukani pansi, makoma ndi malichero ndi madzi a kolorini, muyanike malichero padzuwa, chipinda chiume masiku awiri mawindo ali otsegula.

Mazira

Gawo ili ndi limene lingakuchedwetseni kuposa onse. Mazira abwino amachokera kumalo kumene amayeza agulugufe aakazi pa maikulosikopu kuti aone ngati alibe matenda otchedwa pebrine, amene amachoka kwa mayi kulowa m'dzira. Ku Kenya, bungwe lofufuza za tizilombo la icipe ku Nairobi ndi malo a kafukufuku wa silika ku Thika akhala akugwira ntchitoyi kwa zaka zambiri. Ku South Africa ana a sukulu amaweta mbozizi m'makatoni a nsapato, ndiye wachibale wa ku Johannesburg angakuuzeni kuti akubweretserani m'thumba. Mukaneni. Tizilombo tamoyo sitilowa m'dziko popanda chilolezo, ndipo mazira osayezedwa angakubweretsereni matenda amene simudzawachotsa m'nyumba. Pitani kwa alangizi a zaulimi, kapena ku malo a kafukufuku a Makoka ndi Bvumbwe, akuuzeni njira ya chilolezo musanatumize ndalama kwa aliyense.

Pogula funsani funso ili: kodi mtundu umenewu mazira ake amagona kapena amaswa nthawi yomweyo? Mitundu ina mazira ake amaswa pakatha masiku 10 mpaka 12 chiikirireni. Ina mazira amasintha kuchoka ku chikasu kukhala otuwa, n'kugona miyezi yambiri mpaka atamva kuzizira. Ogonawa mumawasunga m'firiji, m'munsi mosaundana madzi, kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mukawatulutsa amaswa pakatha masabata awiri kapena kucheperapo. Kwa munthu wolandira alendo mtundu wogonawu ndi wabwino, chifukwa mumatulutsa kapepala kamodzi ka mazira pa tsiku limene mwasankha inuyo.

Mazira a mbozi ya mabulosi akavuta, pali mbozi ina yotchedwa eri, yochokera ku India, imene imadya masamba a nsatsi ndipo imalolanso a chinangwa. Ndi yolimba, koma chikwa chake sichisololoka ulusi umodzi wautali, chimafuna kupota ngati thonje. Nayonso imafuna chilolezo.

Mwezi wa kulera

Tsiku limodzi mazira asanaswe amasanduka obiriwira motuwira. Aphimbeni ndi pepala lakuda usiku wonse, m'mawa muwaonetse kuwala, ndipo ambiri adzaswa pamodzi. Timbozi tongoswa kumene ndi takuda, taubweya, totalika mamilimita atatu, mungati ndi nyerere. Musatigwire ndi zala. Wazani masamba odula bwinobwino pamwamba pake, tikakwera pa masambawo mutisesere m'lichero ndi nthenga ya nkhuku.

Timbozi tating'ono timadya masamba anthete a kunsonga, tsamba lachiwiri ndi lachitatu kuchokera pamwamba, oduladula ngati mukudula chisoso cha mwana. Zikamakula muzitsika ndi nthambi n'kumadula mokulirapo, mpaka m'masiku omaliza muziika masamba athunthu kapena nthambi yonse. Dyetsani katatu kapena kanayi pa tsiku. Thyolani m'mamawa mame atauma kapena madzulo dzuwa litapepa, sungani m'dengu lovundikira ndi nsalu yonyowa. Tsamba lonyowa ndi mvula, lofota kapena lafumbi la m'mbali mwa msewu limadwalitsa mbozi. M'dzinja, pamene mvula ya ku Zomba imatha kugwa masiku atatu osakata, thyolani masamba usiku wake ndi kuwayanika pa mphasa m'nyumba.

Mbozi imafundula kanayi. Nthawi yofundula ikafika imasiya kudya, imadzutsa mutu n'kuima chilili osagwedezeka pafupifupi tsiku lathunthu. Ongoyamba kumene amaganiza kuti zafa kapena zadwala, n'kuyamba kuzitokosa. Zisiyeni. Lekani kudyetsa, wazani laimu pang'ono kuti m'lichero muume, ndipo mudyetsenso pokhapokha pafupifupi zonse zitatuluka m'khungu lakale. Mukafulumira kudyetsa zoyamba kudzuka, gulu lanu lidzasiyana misinkhu ndipo lidzakuvutani mpaka kumapeto.

Zikafundula kachinayi m'pamene mudzadziwe chifukwa chake tinayamba ndi mitengo. M'masiku 6 mpaka 8 otsirizawa mbozi imadya magawo anayi mwa asanu a chakudya cha moyo wake wonse. Imafika kutalika ngati chala cha munthu wamkulu, masentimita 7 kapena 8, ndipo kulemera kwake kumakhala kutachuluka pafupifupi ka 10,000 kuyerekeza ndi tsiku loswa. Mukaima chete m'chipindamo mumamva phokoso la kudya kwake ngati mvula yowaza pa udzu. Phokoso limeneli ndi chimodzi mwa zinthu zimene alendo sadzaiwala, ndiye musadyetse basi ya ana isanafike, dikirani adyetse okha.

Zikamakula zipatseni malo. Gulu limene linakwana pakati pa lichero limodzi lidzafuna malichero atatu kapena anayi. Chotsani zitosi ndi zotsalira tsiku lililonse m'sabata yomaliza: yalani kaneti koyera kosanyikidwa m'mankhwala pamwamba pa mbozi, ikani masamba atsopano pa kanetiko, zikakwera munyamule zonse kupita m'lichero lina. Zitosizo ndi manyowa abwino, koma ziwolere kudzala kutali ndi nyumba ya mbozi zisanabwerere kumunda.

Mbozi yodwala ilibe mankhwala. Ikatupa n'kumatuluka madzi oyera ngati mkaka, ikafewa n'kuda n'kumanunkha, kapena ikauma gwa n'kuyera ngati choko, ichotseni ndi timitengo, muikwirire ndi laimu, musambe m'manja. Matenda ambiri amabwera ndi kuthithikana, chinyontho chopitirira ndi manja akuda.

Magulu otsatizana

Mlimi wa silika wamba amalera gulu limodzi, akakolola amatsuka nyumba n'kuyambanso. Inu simungatero, chifukwa sukulu ikabwera sabata imene muli ndi zikwa zokhazokha, ana adzangoona timipira toyera n'kubwerera. Kuchokera ku dzira kufika ku dzira lina pamatenga masabata 6 mpaka 8, ndiye muziswetsa kagulu katsopano ka mbozi 200 kapena 300 masabata awiri alionse. Mukatero tsiku lililonse mudzakhala ndi timbozi tating'ono, zikuluzikulu, zina zikuluka ndi agulugufe akuikira.

Vuto la njira imeneyi ndi lakuti matenda amachoka ku zazikulu kupita ku zazing'ono, ndipo nyumba sipeza mpata wopuma. N'chifukwa chake ndinati zipinda ziwiri. M'chipinda cholerera musalowe mlendo aliyense, ngakhale mkulu wa sukulu. M'mawa muzitengako mbozi makumi angapo za msinkhu uliwonse kupita nazo ku chipinda cha alendo, ndipo zimene zagwidwa ndi alendo zisabwererenso kwa zinzake, zimalizire moyo wake komweko. Podyetsa yambani ndi zazing'ono, malizani ndi zazikulu.

Zikwa ndi ulusi

Mbozi yokhwima imasiya kudya, imachepa pang'ono, thupi lake limaonekera kuwala ngati mwaliunika, ndipo imayendayenda ikugwedeza mutu kufuna pogwira. Itoleni muiike m'mathireyi a mazira, m'timabokosi ta katoni kapena pa nthambi zouma. Imaluka masiku awiri kapena atatu ndi ulusi umodzi wosaduka wotuluka pansi pa kamwa. Tsiku loyamba chikwa chimakhala chopyapyala moti mbozi imaoneka mkati ikuzunguza mutu, ndipo lichero limeneli liikeni pamalo owala kuti alendo aone. Kololani zikwa pakatha sabata.

Apa muyenera kusankha. Mukazisiya, pakatha masiku 10 mpaka 14 chilukireni gulugufe amanyowetsa nsonga ya chikwa n'kuboola, ndipo ulusi umaduka. Zikwa zofuna kusolola ulusi muziyanike padzuwa lamphamvu masiku angapo kapena muzifukize ndi nthunzi kuti chamoyo cha mkati chife, kenako muziumitse bwino ndi kusunga kumene makoswe safika. Zolimba ndi zooneka bwino zisiyeni zitulutse agulugufe. Agulugufewa ndi oyera, onenepa, ndipo ngakhale ali ndi mapiko sauluka komanso sadya. Amakwerana, wamkazi amaikira mazira 300 mpaka 500 pa pepala, ndipo pasanathe masiku 10 onse amafa.

Kusolola ulusi pamaso pa alendo sikufuna makina. Wiritsani madzi m'poto pa mbaula panja, kutali ndi mbozi, ponyanimo zikwa 10 kwa mphindi zingapo mukuzimiza ndi chipande mpaka zitafewa, kenako muchepetse moto. Zisisiteni ndi mswachi wakale, ulusi udzakodwa. Kokani mpaka pa chikwa chilichonse patsale ulusi umodzi woyera, phatikizani wa zikwa 6 kapena 8, mumangirire pa gudumu lakale la njinga lokhomera pa thabwa, ndipo mwana mmodzi azizunguza. Zikwa zimavina m'madzi pamene gudumu likuzungulira. Chikwa chimodzi chimatulutsa mamita 300 mpaka 900, ndipo mukawauza ana kuti chabwino chingayende bwalo la mpira kuchokera golo kufika golo kasanu ndi kanayi, adzafuna kuyesa. Aloleni. Mmodzi agwire nsonga ayende nayo pabwalo mpaka ulusi utaduka.

Ulusi wongosolola umakhala wokhakhala chifukwa cha ulimbo umene mbozi imamatira chikwa. Muuwiritse m'madzi a sopo ndi soda pang'ono, muutsukuluze, ndipo udzafewa ndi kunyezimira. Sungani wokhakhala ndi wofewa pamodzi kuti alendo akhudze zonse ziwiri.

Ola la mlendo

Yambirani kumunda. Mlendo aliyense asambe m'manja ndi sopo wosanunkhira, kenako athyole yekha masamba asanu. Amene wasuta fodya, wadzola perefyumu kapena mafuta othamangitsa udzudzu, zimene alendo akunja amadzola kwambiri, aone ndi maso okha. Muwauze mwaulemu chifukwa chake, sadzakhumudwa.

M'chipinda muzilowa anthu 10 kapena 12 nthawi imodzi. Kalasi ya ana 80 igaweni, ena kumunda, ena ku mbozi, ena ku poto, ena pansi pa mtengo akujambula zimene aona, ndipo mudzafunika anthu awiri okuthandizani kuwonjezera pa aphunzitsi. Ikani malichero motsatana ndi msinkhu, pa tebulo lofika ana, ndi magalasi okulitsa zinthu awiri kapena atatu omangirira chingwe. Musayambe ndi kulankhula. Aloleni aone kaye, kuona maso a nkhono n'kudekha. Padzakhala mtsikana kapena mnyamata wobisala kumbuyo kwa anzake chifukwa kwawo anamuuza kuti mbozi zimayabwa. Ikani imodzi pa dzanja lanu, mumuuze kuti, "Bwera mwanawe, ingoikhudza ndi chala chimodzi, siluma." Musamukakamize. Kawirikawiri yemweyo ndi amene amakana kutuluka nthawi ikatha.

Mbiri muifotokoze ali pa poto, manja ali pa gudumu. Anthu a ku China anayamba kuweta mbozizi zaka pafupifupi 5,000 zapitazo ndipo anabisa chinsinsi chake kwa nthawi yaitali, pamene nsalu yake inkayenda ndi amalonda mpaka ku Roma. Cha m'ma 550, m'nthawi ya mfumu Justinian, amonke anazembetsa mazira kupita nawo ku likulu lake la Constantinople, mzinda umene lero umatchedwa Istanbul. Ana a sekondale auzeni za Louis Pasteur, amene dzina lake amalipeza m'buku la sayansi: mu 1865 anapita kummwera kwa France kukafufuza matenda amene ankapulula mbozi, ndipo njira yake yoyeza gulugufe wamkazi pa maikulosikopu ndi imene ikugwirabe ntchito lero. Kuti asaganize kuti silika ndi wa kutali kokha, atchulireni Madagascar, kumene amaluka nsalu za silika zimene amakulungiramo ngakhale akufa awo mwaulemu.

Funso limodzi lidzabwera ndithu: "Amalume, ndiye mbozi ya mkatimo imafa?" Yankhani zoona. Inde imafa, ndipo mukapanda kuipha ulusi umaduka. Aonetseninso chikwa chobooledwa ndi gulugufe, muwauze kuti chimenecho chimapotedwa ngati thonje popanda kupha kanthu, ngakhale ulusi wake susalala mofanana. Asiyeni akambirane okha ndi aphunzitsi awo. Ena adzafunsa ngati zimadyedwa, poti ife timadya mphalabungu ndi ngumbi. Ku Korea, China ndi Thailand amadya za m'chikwazo, koma inu musapatse ana a eni, chifukwa ena matupi awo sagwirizana nazo. Patsani nkhuku.

Potuluka pakhale katebulo ka zogulitsa. Zikwa zoboola zonyika mu utoto zimapanga ndolo ndi maluwa. Mukaika mbozi yokhwima pa katoni yosalala yodula ngati mtima kapena ngati mapu a Malawi, n'kuikweza pa botolo kuti isapeze ngodya, imaluka kansalu kosalala kofanana ndi katoniyo m'malo mwa chikwa. Nthambi za mabulosi zozika m'machubu zimagulidwa ndi aphunzitsi. Jamu ndi juwisi wa mabulosi ndi wabwino, koma chakudya cha m'botolo chogulitsa chimafuna kuti mudutse ku Malawi Bureau of Standards. Mbozi zamoyo musagulitse kwa mwana amene kwawo kulibe mtengo wa mabulosi.

Zilolezo, masukulu ndi mtengo wolowera

Pitani ku khonsolo ya mzinda kapena ya boma, malinga ndi kumene muli, mukatenge laisensi ya bizinesi, ndipo mufunse ku ofesi ya zokopa alendo zimene amafuna pa malo olandira anthu. Ngati muli kumudzi, amfumu amve kwa inu basi yoyamba isanafike. Zimbudzi ziwiri zaukhondo, madzi akumwa, mthunzi ndi poimika minibasi zikhalepo musanaitane aliyense.

Masukulu musawalembere kalata yokha. Pitani nokha kwa ahedi mutanyamula kabokosi ka mbozi zisanu ndi chikwa chimodzi, muike pa tebulo lawo. Itanani aphunzitsi a sayansi ndi zaulimi a m'zoni yanu Loweruka lina kwaulere, pamodzi ndi alangizi a zoni, chifukwa mphunzitsi amene wazungutsapo gudumu lija ndiye adzakakamire kuti kalasi yake ipite. Makalabu a zachilengedwe m'masukulu, ophunzira a ku University of Malawi ndi a ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi ali pafupi. Alendo akunja adzabwera kudzera mwa anyamata operekeza alendo kuphiri ndi eni malo ogona, ndiye gwirizanani nawo poyera za gawo lawo pa mlendo aliyense. Ikani chikwangwani chooneka pa msewu, nambala ya WhatsApp, ndi tikanema tatifupi pa Facebook ta mbozi zikudya.

Mtengo ukhale pawiri kapena patatu: wa mwana wa sukulu wotsika moti kholo la ku Jali kapena ku Songani lingakwanitse pamwamba pa thiransipoti, wa akuluakulu, ndi wa alendo akunja. Lembani pa bolodi kuti pasakhale kunenerera, landirani Airtel Money ndi Mpamba, ndipo masukulu azikuuzani sabata imodzi isanafike kuti mukonze masamba ndi okuthandizani.

Juni ndi Julayi

Chiperoni chikayamba mabulosi amayoyola masamba, usiku kumazizira kuposa mmene mbozi zimafunira, ndipo masukulu ali pa mayeso. Ena amayesa kufunditsa chipinda ndi mbaula, koma utsi ndi mpweya wa makala m'chipinda chotseka ndi zoopsa kwa mbozi ndi kwa inu. Ine ndimati tsekani kulera miyezi iwiri imeneyi. Gulu lomaliza liluke kumapeto kwa Meyi, mazira alowe m'firiji m'kabotolo kouma kolembedwa tsiku, ndipo magetsi akathima musamatsegule chitseko cha firijiyo. Dulirani mitengo, thirani manyowa, tsukani nyumba yonse ndi kolorini ndi kupaka laimu m'makoma.

Alendo obwera nyengo imeneyi auzeni asananyamuke kuti mbozi zamoyo kulibe, ndipo muwatsitsire mtengo. Poto ndi gudumu zigwirabe ntchito ndi zikwa zouma zimene munasunga. Masamba atsopano akaphuka mu Ogasiti n'kufika kukula ngati chikhatho cha mwana, tulutsani kapepala koyamba ka mazira, kachiwiri pakatha masabata awiri, kuti pofika pamene masukulu atsegulira mu Sepitembala tebulo la alendo likhale ndi malichero a misinkhu yosiyana.